Makinawo ayambe alemba "Zemba" ndalama zisanatuluke m'thumba

Kuyambira pamene tinakolola, nkhani imodzi yakhala ikubwerabwera pa misonkhano ya mpingo ndi ya kopaletivu kuno ku Zemba, ndipo taona kuti ndi bwino tiiike pa tsamba lino kuti anzathu a m'madera ena a Chadiza aiganizirenso. Achinyamata athu ophunzira akuti nthawi ya mabuku a chikuto cholimba inatha. Akuti tisonkhe ndalama tigule kakompyuta kam'manja, kaya tabuleti kaya foni yaikulu yokhala ndi cholembera chake, tiikemo pulogalamu yowerenga zolemba pamanja, kuti mlembi azingolemba pagalasi monga alembera papepala, makina n'kumasandutsa zolembazo kukhala zilembo zotayipa. Ena afika ponena kuti tijambule masamba onse a buku la ubatizo ndi kaundula wa alimi, makina awerenge okha usiku umodzi, m'mawa tipeze zonse zili m'malo.

Tinene poyamba kuti ife sitili m'gulu la okana. Tonse tinaonapo buku la mpingo lodyedwa ndi chiswe kuyambira pachikuto mpaka pa maina a chaka chathunthu. Tinaonapo mayi atayenda mtunda wautali kudzafuna kalata ya ubatizo ya mwana wake amene afuna kumanga ukwati ku Lusaka, akatekisiti n'kutha tsiku lonse akutembenuza masamba. Tidziwanso za alembi a makopaletivu amene dzanja lawo aliwerenga ndi iwo okha, moti akadwala ntchito yonse iima. Choncho kufuna makina si kulakwa ayi. Chimene chatidetsa nkhawa ndi momwe anthu afunira kusankha pulogalamuyo. Aliyense afunsa kuti yofulumira ndi iti, yotchipa ndi iti, imene agwiritsa ntchito a ku Chipata ndi iti. Sitinamvepo ndi mmodzi yemwe akufunsa kuti: kodi pulogalamuyi ikalephera kuwerenga dzina, ichita chiyani? Ivomera kuti yalephera, kapena ingolemba dzina lina lofanana nalo n'kupitirira? Kwa ife funso lalikulu ndi limenelo, ndipo ena onse abwera pambuyo pake.

Kuti timvane bwino, mapulogalamu amenewa alipo mitundu iwiri. Mtundu woyamba utsatira cholembera pamene munthu akulemba pagalasi: udziwa pamene dzanja layambira, kumene lakhotera ndi pamene lanyamuka. Wachiwiri upatsidwa chithunzi cha tsamba lolembedwa kale, ndipo ulibe china choona koma inki ili papepalapo. Ntchito ya wachiwiriwu ndi yovuta kwambiri, makamaka tsamba likakhala lachikasu, inki itamwazika ndi chinyezi, zolemba za kuseri kwake zikuonekera. Wogulitsa akakuonetsani mtundu woyamba ukugwira bwino m'sitolo, musaganize kuti watsimikiza kuti buku la m'ma 1950 liwerengeka. Koma mitundu yonse iwiri ili ndi khalidwe limodzi. Siwerenga chilembo chilichonse pachokha monga achitira mwana wa giredi 1. Iyerekeza. Ikakumana ndi mawu osaoneka bwino, ifunafuna m'nkhokwe ya mawu amene inaphunzitsidwa n'kusankha amene afanana nawo kwambiri. Pa kalata ya Chingerezi nzeru imeneyi ithandiza ndithu. Pa kaundula wa ku Zemba ndi pamene pagona ngozi.

Vutoli si lachilendo, ndipo eni ake makinawa anapsa nalo kale. M'chaka cha 1993 kampani ya Apple ya ku America inatulutsa kakompyuta kam'manja kotchedwa Newton MessagePad, pa mtengo wa madola pafupifupi 700. Lonjezo lake linali lomweli limene achinyamata athu akutiuza lero: lemba monga ulembera masiku onse, makina adzakumva. Pulogalamu yowerengayo inachokera ku kampani ya ParaGraph ya ku Moscow, ndipo inkadalira kwambiri mndandanda wa mawu. Munthu akalemba mawu amene munalibe mu mndandandamo, kapena akalemba mothamanga, Newton inkaika mawu ena osagwirizana n'komwe ndi nkhani. Zinafika poti wojambula zoseketsa m'manyuzipepala, Garry Trudeau, anatha sabata yathunthu akuiseka m'zithunzi zake za Doonesbury. Pambuyo pake anaikonza ndipo inayamba kuwerenga bwinoko, koma mbiri inali itaipa kale, ndipo Steve Jobs anaithetsa mu 1998. Kumbukirani kuti amenewo anali Azungu akulemba Chingerezi pa makina a kampani ya kwawo.

Amene anapambana nthawi imeneyo anatenga njira ina. Jeff Hawkins ndi anzake a kampani ya Palm anatulutsa Pilot mu 1996 pa madola 299, ndipo sananamize munthu kuti makina adzamva dzanja lililonse. Anauza ogula kuti: inu ndi amene muphunzire kalembedwe kathu. Kalembedweko, kotchedwa Graffiti, kanali ka chilembo chimodzi chimodzi, ndipo zilembo zambiri unkazilemba kamodzi n'kamodzi osanyamula cholembera. Chilembo A unkachilemba ngati denga la nyumba lopanda mtanda wapakati. Chimene ife chatisangalatsa koposa n'chakuti malo olembapo anawagawa pawiri, kumanzere kwa zilembo, kumanja kwa manambala, kotero kuti makina sakanasokoneza O ndi 0. Anthu anaphunzira m'masiku ochepa ndipo anagula makinawo mamiliyoni. Komabe nawo anali ndi minga yawo. Kampani ya Xerox inawasumira mu 1997 kuti aba luso lake, mlandu unatenga zaka, ndipo mu 2003 a Palm anasintha kalembedwe kukhala Graffiti 2, anthu amene anazolowera koyamba kaja n'kuyambanso kuphunzira. Tiitchula nkhaniyi kuti a komiti adziwe kuti pulogalamu imene mlembi wanu aphunzira chaka chino itha kusinthidwa ndi anthu akutali amene sadzakufunsani.

Tsopano tibwere kwathu kuno, chifukwa makompyuta am'manja si lero anafika m'Zambia. Mu 2006 ogwira ntchito za umoyo m'dziko muno ndi ku Kenya anayamba kuyesa pulogalamu yotchedwa EpiSurveyor, ya bungwe la DataDyne limene mmodzi wa oliyambitsa ndi Dr Joel Selanikio. Ankayenda ndi timakina ta Palm tomwe tija m'zipatala zing'onozing'ono, kulemba ngati mankhwala alipo kapena atha, ndipo anaigwiritsanso ntchito poona mmene katemera wa chikuku wayendera mu 2007. Chinsinsi chake chinali fomu. Funso lili pagalasi, mayankho ali pansi pake, munthu angogunda loyenera kapena kulowetsa nambala. Kalembera wa anthu wa 2022, amene anapeza kuti m'dziko muno tapitirira 19.6 miliyoni, anachitikanso ndi matabuleti, ndipo tonse tinawaona anyamata ndi atsikana aja atakhala pakhonde akugunda pagalasi ndi kutayipa maina. Ngakhale mayeso a giredi 7 amene achongedwa ndi makina, mwana sapatsidwa ufulu wolemba yankho mwa dzanja lake. Adetsa kabokosi ndi pensulo. Ntchito zazikuluzikulu zimenezi, za anthu okhala ndi ndalama ndi akatswiri, zinapewa kupatsa makina udindo woyerekeza dzanja la munthu. Nanga ife a ndalama za mtedza ndi mpendadzuwa tithamangiranji kumene iwo anazemba?

Tiyeni tione maina athu. Pa mapu pali Zomba, mzinda wa ku Malawi umene unali likulu la dzikolo mpaka 1975, wolembedwa m'mabuku osawerengeka. Pali Zimba ndi Pemba, maboma a ku chigawo cha kumwera. Ndiye pali Zemba wathu uno, amene ngakhale anthu ena a ku Lusaka sanamumvepo. Mlembi akalemba "e" wake mothinana pang'ono, muganiza pulogalamu yoyerekeza isankha liti? Isankha limene inaliona kawirikawiri, ndipo mwana wobatizidwa kuno adzapezeka kuti anabadwira ku Zomba. Chimodzimodzi ndi ziwongo. Mwale ndi Mwali, Tembo ndi Tembe, Mbewe ndi Mbewa, Sakala ndi Sakata, kusiyana kwake ndi kachilembo kamodzi. Kachizindikiro ka pa ng' kamene kasiyanitsa Ng'oma ndi Ngoma ndi kadontho chabe pamaso pa makina, ndipo kawirikawiri kaoneka ngati inki yodontha. Kadenga ka pa ŵ, kamene akuluakulu ena salephera kukalemba, nako kasowa mosavuta. Chilembo h chimene chisiyanitsa phala ndi pala chikagwa, tanthauzo lagwa nacho. Munthu wa kuno akamawerenga buku aona Naphiri n'kudziwa kuti ndi mayi wa kwa a Phiri. Makina osaphunzitsidwa zimenezi aona mawu olakwika ofunika kukonza.

Ena atiyankha kuti mapulogalamu a masiku ano adziwa Chinyanja. N'zoona kuti zinthu zasintha. Google Translate inalandira Chichewa mu December 2014, ndipo mu 2015 kampani yomweyo inatulutsa pulogalamu yolembera pamanja pa mafoni a Android ya zinenero 82. Koma tifunse kuti Chinyanja chake ndi chiti. Ana athu kusukulu aphunzira kalembedwe kamene Unduna wa Maphunziro unavomereza mu 1977, kolemba "cinyanja", "cimanga", "caka". Anzathu a ku Malawi alemba "ch", ndipo ife pa tsamba lino titsata komweko chifukwa ndi kamene owerenga ambiri anazolowera m'mabuku a mpingo. Zolemba zambiri za pa intaneti, zimene makina aphunzirapo, zili m'kalembedwe ka ku Malawi. Pa ulaliki kapena kalata zimenezi sizivuta, c kapena ch timvana. Koma dzina la munthu lili ndi kalembedwe kamodzi kokha koyenera, kamene kali pa reji yake. Pulogalamu imene isintha Cisale kukhala Chisale mwakachetechete, kapena kubweza Chisale kukhala Cisale, yachita zimene inaphunzitsidwa, koma mlimi wathu yamuika m'mavuto pa windo la banki.

Palinso china chimene anthu a kutali ndi malire sachidziwa. Chadiza agundana ndi Mozambique, ndipo pa nthawi ya nkhondo ya kumeneko, imene inatha mu 1992, abale athu ambiri anawolokera kuno. Ena anakhazikika, anakwatira, ndipo ali m'makwaya ndi m'makomiti athu. Amene anaphunzira sukulu ya Chipwitikizi alemba "nh" pamene ife tilemba "ny", ndipo nambala 1 aiyamba ndi kamchira kataliko kokwera m'mwamba, 7 n'kumudula pakati. Ansembe akale ochokera ku Ulaya ankalemba manambala mofananamo, ndipo m'mabuku akale a ubatizo a Akatolika maina ankalembedwa m'Chilatini: Petrus, Joannes, Josephus. Choncho buku limodzi la parishi litha kukhala ndi manja a anthu khumi, zinenero zitatu ndi mitundu iwiri ya 1 ndi 7. Alipo mapulogalamu opangidwira mabuku akale otere, monga Transkribus imene inayambira pa yunivesite ya Innsbruck ku Austria, koma kuti igwire bwino pa dzanja lachilendo pafunika munthu ayambe watayipa masamba ambiri molondola kuti iphunzirepo, kenako munthu yemweyo aunikenso zimene yatulutsa. Za usiku umodzi zija tiziiwale.

Manambala ndiye atiopsa kuposa maina, chifukwa dzina lolakwika munthu ulizindikira ukaliona, pamene nambala yolakwika ioneka yabwinobwino. Pamene akatswiri ankaphunzitsa makina kuwerenga manambala m'ma 1990, mulu wa zitsanzo umene unatchuka kwambiri, wotchedwa MNIST, unali ndi manambala 70,000 olembedwa ndi ogwira ntchito ku ofesi ya kalembera ya ku America pamodzi ndi ana a sukulu za sekondale a komweko. Kumeneko 1 ndi kamzere kowongoka, 7 sadulidwa. Mapulogalamu a lero anaona manja a mitundu yambiri kuposa pamenepo, koma tisaganize kuti anaonapo dzanja la mayi amene walima tsiku lonse, akulemba pa bondo ndi bolopeni yokanakana. Matumba 17 ndi matumba 11 asiyana ndi matumba 6 a makilogalamu 50, amene ndi chakudya cha banja kwa miyezi. Nambala ya reji ili ndi manambala 9, asanu ndi limodzi kutsogolo, awiri pakati ndi imodzi kumapeto, ndipo imodzi yokha ikaphonyeka, munthuyo sapezekanso, kapena papezeka munthu wina wa ku Mongu. Onjezani pamenepo kuti ndalama yathu inachotsedwa maziro atatu pa 1 January 2013. M'buku la zopereka la 2012, K50,000 ndi K50 ya lero. Makina owerenga tsamba sadziwa mbiri imeneyo, ndipo akaphonya kadontho kapena ziro mmodzi, msungichuma wosalakwa adzaimbidwa mlandu wa kuba pamaso pa mpingo.

Alimi a kuno sitifunika kuuzidwa kuti kulakwitsa kwa m'makina kupweteka bwanji. Chithandizo cha fataleza chinayamba mu 2002, chinatchedwa FISP mu 2009, ndipo makadi a e-voucher anayamba m'maboma 13 mu 2015, mlimi akuikapo K400 yake, asanafalikire dziko lonse mu 2017. Kuyambira pamenepo dzina ndi nambala ya reji zinasanduka khomo lolowera. Zikasiyana pang'ono ndi zimene zili m'kompyuta, mlimi abwerera chimanjamanja, akwera njinga kupita ku Boma kukakonzetsa, mvula osamudikira. Pogulitsa chimanga ku FRA ndi chimodzimodzi, dzina la pa risiti liyenera kugwirizana ndi la pa reji kuti ndalama zituluke. Ngati kaundula wa kopaletivu ndi pamene maina onsewa ayambira ulendo wawo, ndiye kuti kulakwitsa kwa pa tebulo la mlembi wathu kudzayenda mpaka ku Lusaka, ndipo kubweza kwake n'kovuta kuposa kupita kwake. Buku lolembedwa pamanja likalakwika, mwini dzina aloza ndi chala nati apa mwaphonya. Zotayipidwa ndi makina zioneka zaudongo, zaulemu, moti ngakhale mwini dzina achita manyazi kutsutsa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Tiyenera kunenapo za nzeru zatsopano zimene zatchuka kuchokera pamene ChatGPT inatuluka mu November 2022. Mapulogalamu a mtundu umenewu masiku ano atha kuwerenga chithunzi cha tsamba lolembedwa pamanja, ndipo sitikana, nthawi zambiri awerenga modabwitsa. Koma khalidwe loyerekeza lija mwa iwo ndi lalikulu zedi. Anapangidwa kuti azitulutsa mawu omveka bwino, ndiye pamene chiswe chadya theka la dzina atha kulimaliza okha ndi dzina looneka loona, osakuuzani kuti apa ndangoganiza. Chachiwiri, ambiri a iwo sawerengera m'foni mwanu. Chithunzi chitumizidwa pa intaneti kupita ku makompyuta akuluakulu a kunja, yankho n'kubwerako. Kutanthauza kuti pafunika netiweki, imene kuno tiifuna pa chulu, ndi mabando ogula mwezi ndi mwezi. Tinaona mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, kuti magetsi akazima nthawi yaitali ngakhale nsanja za mafoni zigona. Chachitatu ndi chinsinsi. Buku la parishi lili ndi zambiri kuposa maina: ana obadwa kunja kwa ukwati, mabanja amene anatha, anthu oimitsidwa pa masakramenti. Lamulo la dziko lino loteteza mbiri ya anthu, la 2021, liika chipembedzo ndi umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofuna chisamaliro chapadera, ndipo liika malire pa kuzitumiza kunja kwa dziko. Mnyamata wa mtima wabwino amene ajambula masamba amenewo n'kuwatumiza kumene sakudziwa atha kulakwira mpingo ndi lamulo pa nthawi imodzi.

Nanga tichite bwanji? Maganizo athu ndi akuti pulogalamu iliyonse imene ifuna ndalama zathu iyambe yalemba mayeso, ndipo mayesowo tikonze ndife. Mlimi sagula ng'ombe yapagoli chifukwa mwini wake waitamanda. Aimanga, alimitsa mizere iwiri, aona ngati ikoka mowongoka. A komiti asankhe maina 50 a anthu a m'midzi yathu, osaiwala a ng' ndi a c, manambala 50 a mtundu wa reji ongopeka, ndi mizere 50 ya matumba ndi ndalama. Olemba akhale anthu asanu osiyana: mlembi wa kopaletivu, akatekisiti, mayi wa m'bungwe la amayi, mkulu amene anaphunzira ku Mozambique, ndi wachinyamata. Alembe pansi pa mtengo masana dzuwa likuwala pagalasi, intaneti itazimitsidwa, chifukwa ndi mmene ntchito yeniyeni idzakhalire. Powerengera zolakwa tisaziike mulu umodzi. Pamene pulogalamu yasiya mpata, kapena yaika chizindikiro chakuti sinamve, chimenecho ndi cholakwa chaching'ono, pakuti mlembi achiona n'kukonza. Pamene yalemba dzina lina kapena nambala ina mopanda kukayika, chimenecho tichiwerenge kakhumi. Pulogalamu yochedwa koma yovomera kulephera kwake ife tiisankha kusiyana ndi yothamanga yodzikhulupirira.

Pali zinthu zinanso zofunsa wogulitsa, ndipo a komiti asachite manyazi, safunsa anadya phula. Kodi pulogalamuyo isunga chithunzi cha zimene dzanja linalemba pambali pa zimene yatayipa, kuti pakabuka mkangano tibwerere ku inki? Ngati ifufuta zolemba za dzanja ikangozisandutsa, ife sitiifuna, ngakhale itakhala yaulere. Kodi kukonza mawu kwa yokha kutha kuzimitsidwa? Kodi tingaikemo mndandanda wathu wa midzi, miphakati ndi ziwongo, kuti poyerekeza iziyerekeza kuchokera ku maina athu? Kodi ilola kuti malo a nambala alandire manambala okha, monga anachitira a Palm zaka zija? Ndipo tsiku limene tidzafuna kuisiya, kodi zolemba zathu zidzatuluka m'njira yoti kompyuta iliyonse itsegule ndi kusindikiza, kapena zidzatsekeredwa mkati mpaka tilipire? Mtengo tiufunse wa zaka zitatu, kuphatikiza cholembera chikatayika, galasi likasweka ndi batire likafooka ndi kutchaja pa sola.

Kunena zoona, titaganizira zonsezi ife tafika pokayika ngati chimene kopaletivu ifuna ndi pulogalamu yowerenga dzanja n'komwe. Pa kaundula wa alimi, fomu yosavuta ya pagalasi igwira ntchito bwino koposa: mudzi usankhidwa pa mndandanda, mbewu isankhidwa pa mndandanda, nambala ya reji ilowetsedwa kawiri ndipo makina akana ngati ziwirizo zasiyana, dzina litayipidwa kamodzi kokha reji ili m'manja, kenako mlembi aliwerenga mokweza mwini wake n'kuvomera. Kulemba ndi cholembera pagalasi kukhale kwa zinthu zimene kulakwitsa kwake sikupha munthu, monga mfundo za pa msonkhano, zolengeza za Lamulungu ndi makalata. Pamenepo tivomera kuti kuthandiza kwambiri, makamaka kwa akuluakulu amene zala zawo sizigwirizana ndi timabatani tating'ono koma dzanja lawo ndi lokongola kuposa la ana a masiku ano. Pa mabuku akale a parishi, choyamba ndi kuwajambula bwino tsamba ndi tsamba, ndi chilolezo cha abambo mfumu, zithunzi n'kusungidwa malo awiri osiyana. Zimenezo zokha zigonjetsa chiswe. Kutayipa maina kubwere pambuyo, pang'onopang'ono, anthu awiri atakhala pamodzi, mmodzi wa iwo wamkulu wodziwa mabanja.

Tidziwa kuti achinyamata ena akhumudwa ndi mawu athuwa, ati madala aopa chitukuko. Ayi, ana athu, ntchito imene tikukupatsani ndi yaikulu kuposa imene munapempha. Inu ndi amene mudziwa kutsitsa mapulogalamu atatu kapena anayi oyesera, kuzimitsa intaneti, kupeza pamene azimitsira kukonza mawu. Popanda inu mayeso amenewa sachitika. Chimene tikana ndi chakuti makinawo akhale a munthu mmodzi, mawu achinsinsi otsegulira ali m'mutu mwa mnyamata mmodzi amene chaka chamawa adzapita kukafuna ntchito ku Solwezi. Tikatero tabwerera kwa mlembi uja wa dzanja losawerengeka, kungosintha kuti tsopano talipirapo ndalama. Aphunzire anthu atatu, mmodzi akhale mayi, ndipo mawu achinsinsi alembedwe, aikidwe mu envulopu yomata, asungidwe kumene kusungidwa mabuku a ndalama.

Kwa a komiti ya parishi ndi ya kopaletivu, pempho lathu ndi lakuti pa msonkhano ukubwerawu musavote za kugula. Votani za tsiku la mayeso, ndipo likhale mvula isanayambe, anthu asanatanganidwe ndi kubzala. Buku la chikuto cholimba lipitirize kulembedwa pambali pa makina kwa nyengo yathunthu ya ulimi, ndipo pakutha pa mwezi uliwonse ziwirizo zifananizidwe pamaso pa anthu. Wogulitsa amene akana kubwera kuno, kapena kubwereketsa makina ake kwa tsiku limodzi, mumuthokoze mwaulemu ndipo muitane wina. Amene avomera, mumupatse mpando ndi madzi akumwa, kenako mupatse akatekisiti cholembera alembe mzere woyamba: dzina la mudzi, dzina la mfumu, ndi Zemba.